Mau Amene Anthu a Sayansi Achula Pokamba za Nyanja

Munthu amene agula kapenta pa msika wa ku Kitwe kapena ku Mufulira, ndi mai amene akazinga bukabuka m'komboni ku Lusaka, kawirikawiri sanaione ndi maso nyanja kumene nsombazo zicokera. Cimene adziwa ndico mtengo. Caka cina mbale ya kapenta ichipa, caka cina idula kotero kuti banja lidyera masamba okha mwezi usanathe. Akafuna kudziwa cifukwa cace, amva pa wailesi kapena awerenga m'nyuzipepala mau acilendo onga plankton, thermocline ndi endemic, ndipo nkhani ithera pomwepo, pakuti palibe wommasulira. Komatu mau amenewa ali zida za nchito cabe, monga momwe nyundo ndi nyali ziri zida za munthu wa pansi pa mgodi. Amene awadziwa angathe kutsata bwino pamene a Boma ndi asodzi ali kukangana za ndiwo zimene iye adya.

Phunziro la nyanja ndi mitsinje ya madzi opanda mcere lichedwa limnology. Mau awa acokera ku Cigriki, m'mene limne ndiyo nyanja kapena thamanda. Amene anayamba kuwachula ndiye François-Alphonse Forel wa ku Switzerland, amene anatha zaka zambiri ali kuyesa kuya, kutentha ndi zamoyo za m'nyanja ya Geneva, nalemba mabuku atatu pakati pa 1892 ndi 1904. Mau ambiri a phunziro ili ali a Cigriki ndi Cilatini, ndipo pali cifukwa cace. Nyanja ya Tanganyika iri ya maiko anai: Zambia, Tanzania, Burundi ndi Congo. Nsomba imene ku Mpulungu ati kapenta, ku Kigoma ati dagaa, ku Bujumbura ati ndagala. Akatswiri a maiko anaiwa akakhala pamodzi, ena olankhula Cingerezi ena Cifalansa, asowa mau amene tanthauzo lace silisintha pooloka malire.

KUBADWA KWA NYANJA

Coyamba cimene katswiri afunsa ndi ici: nyanja iyi inabadwa bwanji? Afunsa tero cifukwa kubadwa kwa nyanja ndiko kulamulira kuya kwace, ndipo kuya ndiko kulamulira nsomba zokhalamo.

Anthu a pansi pa mgodi adziwa mng'alu wa thanthwe umene auchula fault. Mwala wa mkuwa umene anali kuutsata ungoduka, ndipo aupezanso camtunda kapena camunsi, cifukwa mbali imodzi ya thanthwe inatsetsereka kalekale. Ming'alu yotere ikakhala iwiri yoyenda pamodzi mtunda wa makilomita mazanamazana, dziko la pakati pace lititimira, ndipo pakhala cigwa cacitali ca mapiri uku ndi uku. Cigwa cotere cichedwa rift valley, mau amene anabuka ndi buku la John Walter Gregory la 1896, atayenda iye m'dziko la Kenya. Madzi akadzaza cigwaco, nyanja yace ichedwa rift lake. Tanganyika ndi Nyanja ya Malawi ziri zotere. Cigwa ca Luangwa naco ndi rift valley, ngakhale mulibe nyanja. Akasupe a madzi otentha ndi zibvomezi za m'madera amenewa zisonyeza kuti dziko silinakhazikike kufikira lero.

Tanganyika italika makilomita oposa 670, ndipo pakuya pace penipeni pali mamita 1,470. Pa dziko lonse ndi nyanja ya Baikal yokha, ku Russia, imene iiposa kuya. Madzi ace apamwamba ali mamita 770 pamwamba pa nyanja yamcere, ndiko kunena kuti pansi pace pali mamita 700 kunsi kwa nyanja yamcereyo. Akatswiri a miyala ati mbali yace yakale koposa yakhala zaka 9 kufikira 12 miliyoni.

Bangweulu iri yosiyana kotheratu. Ikhala m'dziko lotetha ngati mbale yaphanthi, madzi ace ali akuya mamita 4 okha m'malo ambiri, ndipo yazingidwa ndi madambo a gumbwa ndi bango kumene Chambeshi alowa ndi Luapula aturuka. Kariba nayo iri ya mtundu wina. Akatswiri aichula reservoir, ndiyo nyanja yopangidwa ndi anthu. Khoma lace linatseka Zambezi mu December 1958, anthu a Citonga okwana ngati 57,000 anasamutsidwa m'cigwa, ndipo madzi anadzaza mu 1963. M'caka comweco munacitika zibvomezi zazikuru m'cigwa ca Gwembe, cifukwa ca kulemera kwa madzi pa ming'alu yakale.

Mau ena a akatswiri a miyala ndi sediment, ndiwo matope, mcenga ndi zobvunda zimene zidikha pansi pa madzi caka ndi caka. Pansi pa Tanganyika zaunjikana makilomita angapo kucindikala kwace. Zikapanikizika zaka zosawerengeka zisanduka mwala, ndipo mwala umene anthu a ku migodi auchula ore shale unayamba motero: unali matope a pansi pa madzi, zaka mamiliyoni mazana ambiri zapitazo.

MADERA A M'NYANJA

Kwa munthu woima pa gombe madzi onse aoneka amodzi, koma msodzi adziwa kuti nsomba iri yonse iri ndi kwao. Akatswiri agawa nyanja m'madera. Dera la m'mbali, kumene dzuwa lifika pansi ndi kumene kumera bango ndi ndere, lichedwa littoral, kucokera ku mau a Cilatini otanthauza gombe. Ndiko kumene nsomba zambiri ziikira mazira ndi kulera ana. Ncifukwa cace khoka la maso ang'onoang'ono, kapena ukonde wa udzudzu wokokedwa m'mbali, liononga koposa zida zina zonse: likokolola ana pamodzi ndi zisa zao.

Dera la pakati, kutali ndi gombe ndi kutali ndi pansi, lichedwa pelagic. Kumeneko ndiko kwao kwa kapenta ndi bukabuka ku Tanganyika, ndi usipa ku Nyanja ya Malawi. Pansi penipeni, pa matope, pa mcenga kapena pa miyala, pachedwa benthic, ndipo nkhono, nkhanu ndi mphutsi zokhala pamenepo zichedwa benthos. Kampango ndi milamba zifuna cakudya cao kumeneko. Pansi pamene pali pakuya kotero kuti kuunika sikufika konse pachedwa profundal.

MADZI OSANJIKIZANA

Apa ndipo pagona nkhani yaikuru. Madzi ofunda apepuka, madzi ozizira alemera. Dzuwa likaomba pa nyanja yakuya, madzi apamwamba afunda nayandama pa anzace ozizira monga mafuta pa msuzi, ndipo awiriwa sasanganizika msanga. Kusanjikizana kumeneku kuchedwa stratification. Madzi ofunda apamwamba ndiwo epilimnion, ozizira apansi ndiwo hypolimnion. Epi ndi pamwamba, hypo ndi pansi. Malire a pakati pao, pamene kutentha kutsika msanga, ndiwo thermocline. Ku Tanganyika kusiyana kwace kuli kocepa: pamwamba madigiri 24 kufikira 28 monga mwa nyengo, pansi madigiri 23 ndi pang'ono. Koma kusiyana kocepako kukwanira kutseka madzi apansi ngati cibvundikiro pa mphika.

Zotsatira zace ziri ziwiri. Coyamba, mpweya wa okosijeni, umene nsomba zipuma monga anthu, ulowa m'madzi kucokera pamwamba pokha. Zinthu zakufa zikamira zibvunda, ndipo pobvunda zitha mpweya umene unali pansi. Madzi opanda mpweya achedwa anoxic. Munthu wa mgodi adziwa malo osiyidwa kumene mphepo ya mapaipi sifika, kumene munthu aletsedwa kulowa. Pansi pa Tanganyika pali potero. Ca kumpoto mpweya uthera pa mamita ngati 100, ca kumwera ufika kupitirira mamita 200, ndipo kunsi kwa pamenepo kulibe nsomba ngakhale imodzi. Gawo lalikuru la madzi a nyanja yaikuruyi liri cipululu, ndipo nsomba zonse zodyetsa maiko anai zikhala m'kagawo kapamwamba. Nyanja imene madzi ace apansi sasanganizika konse ndi apamwamba ichedwa meromictic, ndipo Nyanja ya Malawi, yakuya mamita 700, iri yotero nayonso.

Caciwiri, zobvundazo ndizo manyowa a nyanja. Akatswiri azichula nutrients, ndipo zazikuru mwa izo ndi nitrogen ndi phosphorus, zomwe zija ziri m'thumba la feteleza. Manyowa ali pansi kumene kulibe dzuwa, dzuwa liri pamwamba kumene manyowa acepa. Cimene cikumanitsa ziwirizi ndiyo mphepo. Kuyambira May kufikira September mphepo ya kumwera ikankhira madzi ofunda kumpoto, ndipo ku mbali ya Mpulungu madzi ozizira a manyowa akwera kudzatenga malo ao. Kukwera kumeneku kuchedwa upwelling. Ku Nyanja ya Malawi mphepo ya mwera icita nchito yomweyo. Kariba, pokhala yosafika mamita 100 kuya, ibvundulika yonse m'miyezi ya cisanu pamene madzi apamwamba azizira ndi kumira, ndipo ici cichedwa overturn. Bangweulu ibvundulidwa ndi mphepo nthawi ndi nthawi kufikira pansi.

Mu 2003 akatswiri anafalitsa zimene anapeza poyerekeza miyeso yakale ndi yatsopano ya ku Tanganyika: madzi apamwamba anafunda kwambiri kuposa apansi m'zaka za 1900, ndipo kusanganizika kunacepa. Cibvundikiro cikalimba, manyowa okwera acepa, ndipo cakudya ca kapenta cicepa. Pa nthawi yomweyo mabwato ndi nyali za asodzi zaculuka. Ziwirizi ndizo zifukwa zimene zichulidwa pamene kapenta wa ku Mpulungu asowa pa msika.

CAKUDYA COSAONEKA

M'madzi apamwamba muli tizamoyo tosaoneka popanda galasi lokuza zinthu. Tichedwa plankton, mau amene Victor Hensen wa ku Germany anawapanga mu 1887 kucokera ku Cigriki, kutanthauza coyendayenda, pakuti tingotengeka ndi madzi. Tina tiri tizomera tokula ndi dzuwa ndi manyowa, ndito phytoplankton. Tina tiri tizirombo todya tizomerato, ndito zooplankton. Kapenta adya zooplankton, bukabuka adya kapenta, munthu adya bukabuka. Kudyana kotsatana kotere kuchedwa food chain, ndiwo unyolo wa cakudya, ndipo mphete imodzi ikaduka onse apamwamba pace agona ndi njala.

Usana zooplankton titsikira ku mdima kuthawa adani, usiku tikwera, ndipo kapenta akwera potitsata. Asodzi ayatsa nyali zowala pa madzi usiku, nsomba zisonkhana pansi pa kuunikako, ndipo ukonde uzikweza. Mwezi ukawala kwambiri nyali zitha mphamvu, ndipo nsomba zigwidwa zocepa. Nkhungu za ku Nyanja ya Malawi, zouluka ngati utsi pamwamba pa madzi, ziyamba moyo wao ngati mphutsi zokwera ndi kutsika momwemo.

Nyanja ya madzi oyera ndi manyowa ocepa ichedwa oligotrophic, ya madzi obiriwira ndi manyowa ambiri ichedwa eutrophic. Manyowa akaculuka mopitirira, kaamba ka zonyansa za m'mizinda ndi feteleza wokokoloka m'minda, ndere ndi zomera zoyandama ziwirira, ndipo pakufa zibvunda ndi kutha mpweya wa nsomba. Bvuto ili lichedwa eutrophication. Kariba itangodzaza, mitengo ndi udzu womizidwa zinapatsa madzi manyowa ambiri, ndipo comera coyandama cocokera ku South America cinaphimba gawo limodzi mwa magawo asanu a nyanja pofika 1962. Anthu anaciti udzu wa Kariba. Akatswiri anayamba aciyesa Salvinia auriculata, koma mu 1972 D. S. Mitchell anasonyeza kuti ciri mtundu wina, naciticha Salvinia molesta, ndiko kuti cobvutitsa.

MAINA A NSOMBA

Camoyo ciri conse codziwika kwa akatswiri ciri ndi maina awiri a Cilatini, monga munthu ali ndi ciongo ndi dzina. Loyamba ndi la banja, lochedwa genus. Laciwiri ndi la mtundu weniweni, wochedwa species. Mwambo uwu unakhazikitsidwa ndi Carl Linnaeus wa ku Sweden, ndipo pa nyama ndi nsomba uwerengedwa kuyambira buku lace la 1758.

Phindu lace lioneka pa kapenta. Pa msika ati kapenta basi, koma ku Tanganyika kuli mitundu iwiri, Stolothrissa tanganicae ndi Limnothrissa miodon. Woyamba akonda pakati pa nyanja, waciwiri akula pang'ono kuposa mnzace ndipo ana ace akulira ca m'mbali. Limnothrissa analembedwa koyamba mu 1906 ndi George Albert Boulenger wa ku British Museum ku London. Ndiye amene anatengedwa ku Tanganyika ndi kutsanulidwa m'nyanja ya Kariba ca ku Sinazongwe mu 1967 ndi 1968, cifukwa nsomba za m'Zambezi, pokhala za mtsinje, zinali kukhala m'mbali ndi kusiya dera la pelagic lopanda mwini. Anaswana, ena anatsika ndi Zambezi kufikira ku Cahora Bassa, ndipo lero kapenta wa ku Siavonga adyedwa m'mizinda yonse ya Zambia. Ali mtundu womwewo, ngakhale ku Kariba sakula monga kwao. Bukabuka ndiye Lates stappersii, wochedwa potsata Louis Stappers wa ku Belgium, amene anafufuza Tanganyika ndi Mweru m'zaka za 1911 kufikira 1913.

Maina awa asintha nzeru zikaonjezeka. M'mabuku akale cambo cinalembedwa Tilapia. Ethelwynn Trewavas, mai amene anatha moyo wace pa nsomba za mu Africa ndi amene anadza ku Nyanja ya Malawi mu 1939, anapatula mitundu imene yaikazi ifungatira mazira m'kamwa, ndipo m'buku lace la 1983 iri m'banja la Oreochromis. Nsomba yolera ana m'kamwa ichedwa mouthbrooder. Msodzi akagwira cambo cotere apha mai ndi ana ace onse pa nthawi imodzi.

Cambo, utaka ndi mbuna ziri za pfuko lalikuru lochedwa cichlid. Ku Tanganyika kuli mitundu yace ngati 250, ku Nyanja ya Malawi yoposa 700, ndipo pafupifupi yonse sipezeka kwina kuli konse. Camoyo copezeka malo amodzi okha cichedwa endemic. Zina zidya ndere pa miyala, zina zinyula mamba a zinzace, zina zazing'ono zikhala m'zigoba za nkhono. Mu 1986 kunadziwika kuti kansomba ka ndebvu ka ku Tanganyika, Synodontis multipunctatus, kasanganiza mazira ace ndi a cichlid pa nthawi yoikira. Mai wa cichlid awatola onse m'kamwa, ndipo ana a mlendo aswa msanga nadya ana a mwini nyumba. Zotere zipezeka ndi anthu opirira pansi pa madzi masiku ambiri, pakuti kuona maso a nkhono nkudekha. Mau akuti endemic ali cenjezo: nsomba yotere ikatha m'nyanja yace, kulibe kwina kokatenga mbeu.

NYENGO YOSWANA

Nsomba zina zikhala m'nyanja koma zikwera mitsinje m'dzinja kukaikira mazira. Zichedwa potamodromous, kucokera ku mau a Cigriki a mtsinje ndi kuthamanga. Mpasa ali wotere. Mpumbu wa ku Mweru, Labeo altivelis, anali kukwera Luapula m'magulu akuru, ndipo anagwidwa pa ulendo womwewo, ali ndi mazira m'mimba, kukadyetsa mizinda ya migodi ya ku Katanga ndi ya kuno. Pofika m'zaka za 1950 anacepa koopsa. Mbale wace nchila, Labeo mesops, anali nsomba yaikuru ya malonda ku Nyanja ya Malawi m'zaka za 1950, ndipo anagwa momwemo m'zaka za 1960. Kugwira nsomba zoposa zimene zingathe kubadwa kuchedwa overfishing, ndipo unyinji wa nsomba za mtundu umodzi m'nyanja uchedwa stock. Kuletsa usodzi ku Mweru, Bangweulu ndi Kafue kuyambira 1 December kufikira kutha kwa February kwakhazikika pa nzeru imeneyi: ndiyo miyezi ya mvula, pamene nsomba zambiri ziswana.

Mau a sayansi sacokera ku Ulaya kokha. Dambo alembedwa motero m'mabuku a akatswiri a nthaka ndi madzi a maiko akutali, pakuti analibe mau ena oyenera malo otere. Mbuna, dzina la Atonga a ku Nkhata Bay la nsomba za m'miyala, linalowa m'mabuku ndi nchito ya Geoffrey Fryer m'zaka za 1950, ndipo utaka ndi kapenta ayenda momwemo. Akatswiri anaphunzira zambiri kwa asodzi, amene anadziwa nyengo ya mphepo ndi malo oswanira makolo a Forel asanabadwe.

Tsono munthu wa m'tauni akamva kuti upwelling inacepa caka cino, adziwe kuti kapenta adzadula miyezi ikudzayo. Akaona pa msika tinsomba tocepa kuposa cala ca mwana, adziwe kuti tacokera ku littoral, tagwidwa tisanaswane, ndipo ndalama zace ndizo zituma wokoka ukonde wa udzudzu kubwerera ku gombe mawa. Akapeza nsomba zaziwisi za ku Mweru m'mwezi wa January, akumbukire mpumbu, amene ana ambiri a ku Luapula lero angomva dzina lace kwa agogo ao.